KWA NONSE AMENE MUNASEKA CHIBOKOSI CHANGA: WERENGANI MPAKA PANSI

Lero ndalemba zazitali. Amene bandulo yake ili kumapeto asadandaule, mawu okhaokha sadya deta.

Lachiwiri lapitali wina anabwera ku shedi kwanga kudzatenga injini yake, n'kujambula kompyuta yanga ine ndisakudziwa, n'kuiponya pa gulupu. Madzulo pochokera koyesa boti ndinapeza foni ikuchita kutentha ndi mauthenga. Wina akuti ndi bokosi losungiramo matemba. Wina akuti firiji ya agogo. Wina anafunsa ngati imayendera makala kapena nkhuni. Ndinaseka nawo, sindikana, ya makala ija inandipweteketsa nthiti kkkk. Koma panali uthenga umodzi umene sunandiseketse. Achimwene athu aja a ku Limbe, amene pa gulupu pano timawatenga ngati katswiri wa makompyuta, analemba kuti chinthu chimenecho n'chotaya, ndipo munthu wofuna kompyuta yeniyeni ayambe wagula kesi yagalasi yamagetsi owala, zina zonse zibwera pambuyo. Pansi pake mphwanga wina anayankha kuti zikomo bigi, ndiyamba ndi kesi.

Apo ndiye ndinasiya kuseka. Mphwanga ameneyu wagona pamadzi nyengo yonse akukoka chilimira, mwera ukumumenya, kuti asonkhanitse kandalama koyambira bizinesi yokopera anthu nyimbo ndi mafilimu. Ndalama imeneyo ndikudziwa mmene yabwerera, chifukwa nanenso ndine mwana wa msodzi. Ndiye achimwene, ndi ulemu wonse, malangizo anu aja ndi olakwika, ndipo ndikuyankhani pagulu pomwe munalankhulira.

Tiyambe apa. Chinthu chimene ambiri mumachitcha CPU si CPU ayi. Ndi kesi, chikhokho chabe. CPU yeniyeni ndi kachidutswa kofanana kukula ndi bokosi la machesi, kamakhala mkati pa motherboard, pansi pa fani. Kesi siwerengera kalikonse, siikopa nyimbo, siisunga filimu. Ntchito yake ndi kugwira zida kuti zisagwedezeke, kuziteteza, ndi kulowetsa mphepo yozizira n'kutulutsa yotentha. Basi. Kesi imene ikuchita zimenezi ndi yabwino, kaya ndi yoyera ngati mano a mwana kaya yasanduka yachikasu ngati mano a agogo osuta chingambwe.

Yanga ndinaitola kuseri kwa ofesi ina imene inkachotsa zinyalala m'stolo. Inali pamulu wopita kwa ogula zitsulo pa sikelo. Nditaitsegula ndinapeza chisa cha khoswe, ndipo pansi pa chisacho panali purosesa ya Intel 486 DX2 ya 66 MHz, mtundu umene unatuluka mu 1992. Ndiye kuti chibokosichi n'chachikulu kuposa ine, mwina chinagulidwa bambo anga asanafunsire mayi anga. RAM yake inali 8MB. Kutsogolo kunali kakamwa kolowetsera floppy ya 1.44MB, kadisiki koti chithunzi chimodzi cha foni yanuyo sichingakwanemo. Zamkati zonse zinali zakufa. Kabatire ka pa bodi kanatuluka madzi kalekale n'kudya timizere ta kopa, malo onse ozungulira obiriwira ngati ndere. Koma chitsulo cha kesi, abale! Ndinachiyeza ndi vernier yanga, pafupifupi milimita yathunthu. Ndinakhalapo ndi thupi langa lonseli, sichinapindike. Kayeseni kukhala pa kesi yotchipa ya masiku ano, muone ngati simupepesa mwini wake.

Panopa mkati mwa chikhokho chimenechi muli Ryzen 5 5600G ya AMD, purosesa ya mu 2021, ya makoo 6, yothamanga kuyambira 3.9 GHz. Muli RAM ya 16GB, imene ndi kuchulukitsa 8MB ija kopitirira 2,000. Muli SSD ya 512GB, kachinthu kotalika mamilimita 80 okha, ngati chala, komamatira pa bodi pomwepo. Zida zimenezi anandibweretsera msuweni wanga wa ku Joni, zina zogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo ndinamubweza pang'onopang'ono. Ndimasungamo mabuku a injini ndi zithunzi za masipeya, ndipo mchemwali wanga amakonzerapo mavidiyo a ukwati ndi zinkhoswe. Ikayatsidwa, usanamalize kupukuta girisi m'manja imakhala yadzuka kale. Ndiye amene anafunsa za makala uja, yankho ndi limenelo.

Chimene chikundidabwitsa n'chakuti amene mukuseka ndinu ana a kunyanja. Munthu wa ku Dedza akaseka ndingamumvetse. Koma inu? Ilala imene mumaiona pa doko la Monkey Bay inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera kuno zidutswazidutswa, n'kuyamba kuyenda panyanja mu 1951. Injini zimene zikuiyendetsa lero si zimene inabwera nazo. Chauncy Maples inayamba kuyenda mu 1901 ndi injini ya nthunzi yowotcha nkhuni, ndipo mu 1967 anaichotsa n'kuikamo ya dizilo. Palibe anati tayani sitima chifukwa injini yakalamba. Boti la bambo anga lasinthidwa injini katatu ine ndikuona. Matabwa akakhala abwino umalimbitsa thabwa lakumbuyo, n'kupachika Yamaha yatsopano, n'kulowa pamadzi. Ndi ndani mwa inu, atapatsidwa ndalama yokwana chinthu chimodzi, angagule penti ndi timagetsi ta boti n'kusiya injini? Nanga bwanji pa kompyuta mukufuna mphwangayu achite zomwezo?

Tsono ndisakunamizeni kuti zinali zophweka. Kesi yanga ndi ya mtundu wakale wotchedwa AT, umene dzina lake linachokera ku kompyuta ya IBM ya mu 1984. Mu 1995 kampani ya Intel inabweretsa muyezo wina, ATX, ndipo mabodi ambiri a lero amatsatirabe umenewo. Yanga ndi microATX, imene siipitirira mamilimita 244 mbali zonse. Pakati pa AT ndi ATX pali zina zogwirizana, zina zosagwirizana. Zogwirizana zinandidabwitsa. Timipata takumbuyo tolowetsera makhadi tinatalikirana chimodzimodzi, mamilimita 20 ndi pang'ono, kuyambira nthawi imeneyo mpaka lero. Malo a power supply, mamilimita 150 ndi 86, ndi mabowo ake anayi a timabawuti, anangogwirizana ngati ndinachita kuyezetsa. Zaka zoposa 25 pakati pake, koma bawuti kulowa osakakamiza. Ife a injini tikanakhala ndi mwayi wotere bwenzi tikugona tulo.

Zosagwirizana zinali kumbuyo. Kesi ya AT ili ndi bowo limodzi lozungulira la kiyibodi yakale ija ya pulagi yaikulu, pomwe bodi ya lero imafuna windo lamakona anayi, pafupifupi mamilimita 159 ndi 44, lotulukirapo USB, HDMI, intaneti ndi sipika. Ndinayenera kudula. Ndinachotsa chilichonse mkati mpaka kutsala chitsulo chokha, ndinatsuka ndi sopo, ndinapala dzimbiri ndi sandipepa. Kenako ndinagoneka bodi pa katoni, n'kujambula m'mphepete mwake ndi mabowo ake onse, kuti poyeza ndizigwiritsa katoniyo, bodi yeniyeni ili kutali m'thumba lake. Pofuna kudziwa pamene bodi ikhale, ndinalowetsa khadi ya WiFi pa bodi n'kuimanga pa kampata kake kumbuyo. Khadi ikakhala bwino ndiye kuti bodi yapeza malo ake, umangolemba ndi pensulo. Timipata ta makhadi tinalipo 8, ndinaphapo kamodzi kuti windo likwane. Ndinadula ndi girayinda, disiki yopyapyala, ndikusiya pang'ono mkati mwa mzere, n'kumalizira ndi tupa. Tupa yokha inandidyera madzulo awiri. Kudula mopitirira mzere kulibe mankhwala, pomwe kuchepetsa umangoonjezera kupala.

Apa mvetserani bwino, makamaka inu amanja othamanga, chifukwa sindikufuna mawa wina adzati makaniko uja anandiwotchetsa bodi.

Bodi siigona pachitsulo. Imakhala pa timiyendo ta mkuwa, totalika pafupifupi mamilimita 6, ndipo kamwendo kalikonse kamayenera kukhala pansi pa bowo la bodi, osati pena paliponse. Mabowo ena akale anagwirizana, ena ndinaboola ndekha n'kumanga ndi nati kunsi. Timiyendo takale timene tinatsala pamalo opanda bowo ndinazula tonse. Kamodzi kokha kotsala kakakhudza kunsi kwa bodi, ndi shoti, ndipo ndalama ya nyengo yonse yapita ndi kafungo ka pulasitiki. Chachiwiri ndi utuchi wa chitsulo. Girayinda ndi dirilu zimasiya timphumphu tobisala m'makona. Ndinatenga maginito a sipika yakufa, n'kuyendetsa paliponse katatu, kenako kutsukanso ndi kuyanika padzuwa tsiku lathunthu. Amene anaonapo zimene kamchenga kamodzi kamachita mu kabuleta akundimva.

Chachitatu n'choopsa pa moyo, osati pa ndalama pokha. Switchi yoyatsira ya kesi ya AT si ngati ya lero. Ili ndi mawaya anayi okhuthala, ndipo mumadutsa magetsi enieni a pakhoma, 230V, kufika kutsogolo kumene umaika chala. Pa ATX batani loyatsira ndi timawaya tiwiri topyapyala topita pa bodi, timangogundana kamphindi kuuza power supply kuti dzuka. Musayerekeze kulumikiza ziwirizi. Ine switchi yakaleyo ndinaichotsa yonse ndi mawaya ake, n'kusiya batani lake ngati chokongoletsa. Kuyatsa ndimayatsira pa batani la Reset, chifukwa limenelo ukadina limabwerera lokha, mmene bodi ya lero imafunira.

Power supply yakale tayani. Apa pokha ndikugwirizana ndi mawu oti kutaya. Zakalezo zinkapereka mphamvu zambiri pa 5V, pomwe zida za lero zimadya kwambiri pa 12V, komanso mapulagi ake ndi osiyana: bodi ya lero imafuna pulagi ya mapini 24 ndi ina yapadera ya purosesa. Musaitsegulenso kuti muone mkati, muli makapasita osunga moto ngakhale mutazula kukhoma. Ndipo mukapeza power supply iliyonse ya kaunjika yokhala ndi kaswitchi kofiira kumbuyo kolembedwa 115 ndi 230, yang'anani kawiri musanalumikize. Yochokera ku America imabwera ili pa 115. Mukailowetsa pa magetsi athu ili choncho, mumva kuphulika kumene anansi adzabwera kudzafunsa. Pa zida zonse, power supply ndi pamene ine ndinagula yatsopano ya m'bokosi, ndipo sindinanyinyirike. Mmene magetsi amathimira ndi kubwerera mwadzidzidzi kuno, imeneyo ndiye mlonda wa zina zonse.

Ndinalakwitsa penapake, ndipo ndinena, kuti achimwene asati ndikubisa. Nditamaliza kumanga ndinatseka chivindikiro osaboola polowera mphepo, chifukwa ndinkafuna kunja kuoneke mmene kunalili. Unali mwezi wa October, mukudziwa mmene kumakhalira kuno, mchenga wosapondeka, shedi ya malata ngati uvuni. Mchemwali wanga atayamba kutulutsa vidiyo ya ukwati, fani inayamba kulira ngati injini yoti pulopela yatuluka m'madzi. Nditayang'ana pa pulogalamu yoyezera kutentha, purosesa inali pa madigiri 90, pomwe malire ake ndi 95. Kulakwa kunali kwanga. Kompyuta ya 486 inkatentha pang'ono, kafani kamodzi ka mu power supply kankakwanira. Purosesa yanga ndi ya mawati 65. Ndinaika injini yaikulu m'boti n'kuiwala njira ya madzi oziziritsa. Ine amene tsiku lililonse ndimakalipira asodzi kuti injini ikasiya kukodza zimitsani msanga, impela yatha!

Ndinamasulanso zonse. Ndinaboola bowo la fani ya mamilimita 120 pansi chakutsogolo, pamene maso saona, n'kukweza kesi ndi timiyendo ta labala wa tayala kuti mphepo izilowa kunsi. Ndinaboolanso lina m'mbali moyang'anana ndi purosesa, ndi la mamilimita 80 kumbuyo lotulutsa. Mafani olowetsa ndinawachulukitsa kuposa otulutsa, kuti mphepo izikankha kuchokera mkati, fumbi lisamalowere m'ming'alu. Polowera ponse ndinaphimba ndi kachidutswa ka neti ya udzudzu yakutha, imene ndimachotsa n'kukung'untha Loweruka lililonse. Imeneyo ndiye ntchito yabwino ya neti yakutha, osati kukokera tiana ta nsomba m'mphepete, koma nkhani imeneyo tidzakangana tsiku lina. Panopa vidiyo yomweyo, masana omwewo, purosesa siifika pa 75.

Fani ya m'mbali ija ndinailumikiza pa batani lolembedwa Turbo, ndipo apa pali nkhani yoseketsa. Batani limeneli pa makompyuta akale silinkaonjezera liwiro ayi. Ntchito yake inali kuchepetsa liwiro, kuti mapulogalamu ndi magemu olembedwera IBM PC ya mu 1981, ya 4.77 MHz, asamathamange mopenga. Ndipo kagalasi kakutsogolo kaja koonetsa nambala 66 sikankayeza kalikonse. Kuseri kwake kuli timapini timene umasuntha kuti kaonetse nambala iliyonse imene ukufuna. Wogulitsa akanafuna akanaika 99. Ndiye musaganize kuti ndikuti zakale zonse zinali zoona, kunamiza maso a wogula kunayamba kalekale. Ine ndinakalumikiza pa 5V, kamayakabe 66 mpaka lero, kunamiza alendo.

Tsopano tibwere pa kesi yanu yagalasi, achimwene. Sindikuti zonse ndi zoipa. Zilipo zodula, zopangidwa bwino, zolowetsa mphepo kuposa yanga. Koma imeneyo si imene mphwangayu angakwanitse. Imene angakwanitse ndi ija ya chitsulo chopyapyala ngati chitini cha mafuta ophikira, kutsogolo galasi kapena pulasitiki yotseka, mafani atatu owala atapanikizidwa kuseri kwake akupuma kudzera m'timing'alu ta m'mbali. Amazungulira, amawala, koma mphepo yake ndi yochepa. Zina zimabwera ndi power supply yaulere mkati, yopepuka ngati mulibe kanthu, ndipo imeneyo ndi imene imapha mabodi. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Galasi lakelo ndi lija likasweka limangoti phwaa, tizidutswa ngati mchere. Likagunda pakona pa simenti, kwatha. Inu mumakhala ku Limbe, kompyuta yanu imakhala patebulo chaka chonse. Mphwangayu azidzainyamula pa kabaza ya njinga yamoto kupita nayo ku Msaka kukakhala chinkhoswe, msewu mukuudziwa. Yanga ndinaimangapo pa keriyala ndi malegeni, inafika ili bwinobwino.

Nanga magetsi owalawo? Ife ana a asodzi timadziwa ntchito ya nyali usiku. Nyali imaitana. Siginala akayatsa nyali zake pabwato, usipa umabwera wokha. Ndiye ikani bokosi lowala mitundu isanu ndi iwiri m'kashopu ka m'mphepete mwa nyanja, usiku woti nkhungu zatuluka, mafani akukoka mphepo. M'mawa mudzakolola zokwana kuphika ndiwo. Ndipo si nkhungu zokha zimene nyali imaitana. Mu January akuba anathyola shedi yanga. Anatenga sikirini, sipika, bokosi la masipanala, ngakhale tchaja ya foni. Chibokosi chachikasu anachisuntha n'kuchisiya pakona, mwina anachikankha ndi phazi kuti adutse. Chinthu chodula kuposa zonse m'shedimo, mmene munali mavidiyo a maukwati atatu a anthu amene anali atalipira kale. Masipanala anandipweteka mtima, mpaka lero sindinabwezeretse onse. Koma mavidiyo aja akanapita, mchemwali wanga akanayang'ana bwanji akuchikazi ndi akuchimuna? Ukwati sungabwerezedwe kuti ujambulenso.

Wina anandilembera pambali, osati moseka, kuti aise wawononga chinthu cha mbiri, azungu amazisaka zimenezo. Mfundo imeneyi ndikuilemekeza kuposa ya galasi. N'zoona, kunja kuli anthu osunga makompyuta akale, ndipo ena amakwiya akaona munthu akudula kesi yakale. Enanso kumeneko amachita zomwe ndachitazi mwadala, amazitcha sleeper, chinthu chooneka chogona koma chili maso. Iwo amachita ngati masewera, ine ndinachita chifukwa ndalama inali yochepa. Yankho langa ndi ili: kompyuta ija ikanakhala yamoyo, ikanayaka n'kuonetsa zilembo, sindikanaidula. Ukapeza yakale yogwira ntchito, makamaka ya dzina lodziwika, isiye mmene ilili, mwina ili ndi mtengo, mwina ana a sukulu angaphunzirepo. Koma yanga inali yopanda dzina, bodi itadyedwa ndi batire, ili paulendo wopita pa sikelo. Ikanathera kukhala mbaula. Pakati pa mbaula ndi zimene ili lero, sindikuona tchimo langa. Purosesa ya 486 ija ndinaisunga, ili m'chitini momwe ndimasunga mapulagi, aliyense wofuna kuiona abwere.

Enanso akuti bwanji osangogula laputopu. Laputopu ili ndi batire, magetsi akathima imapitiriza, pamenepo yandiposa. Koma pa ntchito yokopa ndi kukonza mavidiyo tsiku lonse m'kutentha kuno, pa ndalama yomweyo, upeza yofooka, ndipo ikafa chinthu chimodzi nthawi zambiri yafa yonse. Yanga chikafa chimodzi ndimasula timabawuti n'kusintha chomwecho.

Zovuta zina za kesi yakale ndivomera ndekha musanandifunse. Kutsogolo kulibe USB. Ndinagula kapanelo ka USB kolowa pamalo a floppy, nkhani inatha. Khadi ya magemu italiitali, ija ya mamilimita 300, singalowe pokhapokha utadula shelefu ya ma hard drive, ndipo fani ya purosesa yaitali ngati nsanja singalole chivindikiro kutseka. Ine sindinavutike nazo chifukwa 5600G ili ndi zoonetsera zithunzi mkati mwake momwemo, ndipo fani yobwera nayo ndi yaifupi. Komanso chenjerani ndi makesi a makampani akuluakulu opangira maofesi, ambiri ali ndi miyezo yawoyawo. Makompyuta ena a Dell a kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anali ndi pulagi ya power supply yooneka ndendende ngati ya ATX koma mawaya ake osinthanitsidwa, moti ukasakaniza ndi zida wamba umawotcha. Ntchito yonse inanditengera masabata atatu, madzulo ndi Lamlungu. Amene alibe girayinda ndi kuleza mtima asayambe ndi AT.

Ndipo apa ndi pamene malangizo anu achimwene akundipwetekera kwambiri, chifukwa mphwangayu safunikanso kuvutika ngati ine. Makesi oyera aja a nthawi ya Pentium 4, kuyambira mu 2000 kupita mtsogolo, opanda dzina la kampani yaikulu, ambiri ndi ATX kale. Windo lakumbuyo lilipo, umangokankha kachitsulo kakale n'kuika kobwera ndi bodi yako. Mabowo a timiyendo alipo. Batani loyatsira ndi loyenera. Sudula kanthu, mwina kungoonjezera fani. Makesi amenewa ali mbwee m'mastolo a maofesi, m'masukulu, kuseri kwa mashopu a okonza mawailesi ku Mangochi, akudya dzimbiri. Ena angakupatse ulere kuti uwachotsere malo. Inu zimenezi mukuzidziwa bwino kuposa ine, munaphunzira, ine ndinalekezera Fomu 4. Nanga bwanji simunamuuze? Sindikunena kuti n'chifukwa choti mumagulitsa makesi agalasi. Ndikungoti status yanu ndimaiona.

Mphwanga, ndikulankhula ndi iwe tsopano. Kasitomala wako akabwera ndi memori khadi, chimene akufuna n'chakuti nyimbo zake zilowe msanga apite. Sadzalipira kuwala kwa fani. Ndalama yako iyambe ndi power supply yabwino, kenako bodi ndi purosesa, kenako SSD ndi RAM, kenako hard drive yaikulu yosungira mafilimuwo, ndi adaputa yoteteza magetsi akabwera mwamphamvu. Uonetsetsenso kuti soketi ya m'shopu yako ili ndi waya wa earth, chifukwa kesi ndi chitsulo, yakale kaya yatsopano, ndipo popanda earth imaluma. Ndalama imene ukanagulira galasi ikhoza kukhala kusiyana kwa RAM ya 8GB ndi 16GB, kapena kusiyana kwa power supply yeniyeni ndi ija yopepuka. Bizinesi ikadzayenda, udzagule galasi lako, uike ndi magetsi a Khirisimasi, ine ndidzabwera kudzajambula. Koma osati ndi ndalama yoyamba.

Loweruka likubwerali ndili pa shedi kuyambira 2 koloko, ndikamaliza giyabokosi ya boti lina. Ndili ndi makesi awiri a ATX amene ndinatola limodzi ndi langali, imodzi ndi yako mphwanga, ubwere ndi sandipepa ndi sopo, kutsuka utsuka wekha. Wina aliyense amene ali ndi kesi yakale kunyumba abwere nayo tiione, koma wofuna kudula agule yekha disiki ya girayinda, zanga zatha.

Achimwene a ku Limbe, mukamabwera pa Khirisimasi mudzanyamule yanu yagalasi ija, mudzaikulunge bwino m'bulangete chifukwa cha mabampu. Tidzaziika ziwirizi patebulo limodzi m'shedi yanga 1 koloko masana, vidiyo imodzi, tonse tikuyang'ana nambala ya kutentha. Yanga ikagonja, chambo chowotcha ndigula ine, gulupu yonse ndi mboni. Amene anajambula chithunzi chija adzabwerenso ndi foni yake.